Fungo la Madonasi pa Juzi ya Mwana Wanga

1

Ndiyambe ndi fungo, chifukwa ndi limene linandizunguza mutu.

Munali mu Disembala, kandulo yoyamba ya Adiventi, nyengo yodikira Khrisimasi, itangoyatsidwa. Ine ndinali nditabwerera ku ntchito kusitolo, ndipo tchuthi cholera mwana chinali chitagwera mwamuna wanga Vegard. Mwana wathu Tuva anali asanakwanitse chaka. M'mawa uliwonse ndinkamusiya m'manja mwa bambo ake mtima uli m'mwamba. Ndine munthu wamantha, sindingakubisireni. Madzi osambitsa mwana ndimawayesa ndi chigongono, kenako ndi dzanja, kenako ndi chigongono chomwecho. Akagona ndimapita kukaona ngati akupuma.

Tsiku lina nditaweruka ndinamunyamula n'kumununkhiza pamutu monga mwa masiku onse. Juzi yake ya ubweya inkanunkha mafuta a nkhumba. Aliyense wokulira kuno ku Norway amalidziwa fungo limeneli: ndi la madonasi a Khrisimasi, aja timawatcha smultring. Likalowa mu ubweya silituluka ngakhale uyanike juziyo panja sabata yathunthu.

"Munali kuti lero?" ndinafunsa.

Vegard ankasenda mbatata pasinki. Sanacheuke.

"Kokayenda basi. Kudoko, kenako kunyumba."

"Kudoko ayamba kukazinga madonasi?"

Mpeni unaima. Kenako anaseka.

"Mphuno yakoyo, Maren, apolisi akulembe ntchito agalu awo apumeko. Tinadzera kwa amayi."

M'nyumba mwathu sitikazinga madonasi. Ine sindidya, sindifuna n'kuwaona komwe, ndipo Vegard ankadziwa chifukwa chake. Inu ndikuuzani nthawi yake ikakwana.

2

Lamulungu tinapita kukamwa khofi kwa apongozi anga, a Torunn. Tebulo linali tho ndi mabisiketi amitundumitundu, monga amachitira chaka chilichonse kuti anzawo a kutchalitchi achite nsanje. Ndinayang'ana mbale imodziimodzi. Donasi panalibe.

"Madonasi mwabisa kuti, a Torunn?"

Anatsitsa magalasi pamphuno.

"Iwe ndi madonasi? Lero kugwa chani? Sindinakazinge ine. Mnzanga wapafupiyu chiuno chamugwira, ndipo ukudziwa madonasi sakazinga munthu mmodzi. Wina aponye m'mafuta, wina atembenuze ndi kamtengo n'kuvuula. Ukakhala wekha umangowotcha makala."

"Koma Vegard akuti Lachitatu anakupezani mukukazinga."

Apongozi anayang'ana mwana wawo. Mwana wawo anayang'ana m'kapu.

"Oo, Lachitatu! Eya, eya. Ndinangoyesako pang'ono. Sanatuluke bwino, ndinapatsa mbalame."

A Torunn bodza salitha n'komwe. Khosi lawo lonse linafiira. Ndinanena kuti ndikukatenga thewera m'galimoto, koma ndinakhotera m'galaja, momwe amakazingira kuopa kununkhitsa makatani. Poto wawo wakuda uja anali pamsomali, fumbi lili mbuu. Mafuta a nkhumba anali pashelefu, osatsegula.

Mawu a apongozi aja ankangobwerera m'mutu mwanga. Madonasi sakazinga munthu mmodzi. Nanga mwamuna wanga akukazinga ndi ndani? Ndipo munthuyo ndi wotani, woti mpaka apongozi anga amunamire?

3

Kuyambira pamenepo maso anga sanapume. Padzanja la Vegard panaoneka timabala tating'ono ta mafuta othovokera. Ankati ndi mbaula. Pabulangete la Tuva ndinapezapo tsitsi lalitali, lofiira ngati lopaka mankhwala. Langa ndi lalifupi, la apongozi ndi imvi zokhazokha.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi masokosi. Ndikumuvula Tuva madzulo ena ndinapeza wavala timasokosi tobiriwira toluka pamanja, tokongola, tomukwana bwinobwino. Munthu amene analuka anali atagwirapo phazi la mwana wanga.

"Awa achokera kuti?"

"Kumsika wa Khrisimasi. Bwanji, ndi mlandu?"

"Msika ndi Loweruka likubwerali, Vegard."

"Ndiye kwina kwake, sindikukumbuka. Maren, ndatopa. Tsiku lonse ndi mwana, madzulo ndi bwalo la milandu?"

Ndinamufotokozera mnzanga Gunhild tikupanga katundu m'mashelefu. Gunhild ukwati wake unatha kalekale ndipo amuna amawadziwa ngati mitengo ya zinthu m'sitolomo.

"Mwamuna wokankha kangolo ka mwana ndi nyambo, mwali," anatero. "Akazi amasungunuka ngati batala. Wanga ankangoyenda ndi galu, koma taona zimene anakola."

"Usandiseke, Gunhild."

"Sindikuseka. Koma kunena zoona, chibwenzi cha madonasi ndiye sindinachimvepo. Anthu amapita ku hotela, awa akukanda ufa?"

"Akumupatsa mwana wanga kuti amunyamule. Akumuveka. Mwana wanga ali m'khitchini momwe muli poto wa mafuta owira, ine ndili pano ndikusanja zitini za nsomba."

Apa Gunhild anasiya nthabwala.

"Ndiye umufunse maso ndi maso. Umuuze kuti lero sitigona mpaka unene."

"Andinamizanso."

"Nanga utani?"

Ndinali nditaganiza kale.

4

Lachitatu lotsatira kunacha kutagwa chipale chofewa chatsopano. Masana ndinauza abwana kuti mutu ukundiwaza, n'kutuluka. Kunyumba kunalibe munthu. Koma pachipale panali mikwasa ya kangolo ka Tuva, ndipo ndinkaidziwa bwino chifukwa thayala limodzi limayenda mokhotakhota.

Ndinailondola. Sinalowere kudoko. Sinalowere kwa apongozi. Inakwera chitunda, kudutsa tchalitchi, n'kukhotera kuseri kwa fakitale yakale ya nsomba, komwe kuli tinyumba ta lendi. Inathera pa kanyumba kachikasu.

Kangolo kanali panja, pansi pa zenera, monga timachitira tonse kuno mwana akagona masana. Ndinasuzumira. Tuva anali m'tulo, wokutidwa bwino m'chikopa cha nkhosa, masaya ali psuu. Pambali pa mutu wake panali kawailesi kaja komvetsera mwana akalira, kanyali kake kakuthwanima.

Zenera linali lotsegula pang'ono ndipo fungo lija linkatuluka ngati utsi. M'kati wailesi inkaimba nyimbo za Khrisimasi. Galasi linali ndi nthunzi, koma ndinaona zokwanira. Vegard anali pachitofu, kamtengo kali m'manja, akuseka mmene anali asanasekere kunyumba mwezi wonsewo. Pambali pake panali mkazi, atandifulatira. Wochepa thupi, tsitsi lofiira lomanga kumbuyo. Anatola kadonasi kakang'ono, kaja kotuluka pakati, anakauzira, n'kumuika mwamuna wanga m'kamwa. Kenako anamupukuta ufa patsaya ndi chala.

Owerenga anzanga, chitseko chinali pomwepo. Kuno masana sitikiya. Ndikanangokankha.

Koma mumtima ndinati: amve mmene ndakhala ndikumvera ine. Ndinatulutsa kawailesi kaja mwakachetechete n'kukaika pawindo, kuti kazingowauza kuti kunja kuli zii. Ndinamasula buleki. Ndinakankha kangolo n'kutsetsereka chitunda, kudzera mumsewu waukulu womwe anali atakokolamo kale chipale, momwe matayala sasiya chizindikiro. Foni ndinathimitsa.

5

Ndinakakhala m'chipinda chodikirira boti kudoko. Munali mofunda ndipo munalibe munthu. Tuva anadzuka, ndinamuyamwitsa, anayamba kusewera ndi zipi ya jekete langa. Ine ndinkangoona m'maganizo Vegard akutuluka, akupeza pansi pa zenera pali mbee. Ndinkati adzaimba foni, adzalira, kenako adzabwera kunyumba n'kuulula zonse. Kunena chilungamo, kwa kanthawi ndinamva kukoma.

Kenako ndinamva kulira kwa galimoto ya ozimitsa moto. Inadutsa pafupi n'kukwera chitunda. Pambuyo pake ya apolisi. Ndinapita pazenera. Anthu ankathamanga m'mphepete mwa nyanja, ena akusuzumira pansi pa mlatho wa doko, ena akukuwa dzina. Nditatchera khutu ndinamva kuti dzinalo ndi la mwana amene anali m'manja mwanga. Kuseri kwa fakitale kunkafuka utsi wakuda, tolotolo.

Ndinayatsa foni. Isanathe n'kuyaka komwe inalira. Anali apongozi.

"Maren! Uli kuti? Khala pansi mwana wanga, khala pansi kaye. Tuva wasowa. Wina watenga kangolo..."

"Tuva ali ndi ine."



"Wati chani?"

"Ali ndi ine. Ndinamutenga ndine."

Ndinamva akupuma movutika, kenako akukuwira anthu ena kumbali: "Wapezeka! Ali ndi mayi wake! Uzani Vegard atuluke m'madzimo!" Atabwerera pafoni mawu awo anali ozizira, oti sindinawamvepo.

"Bwera kuchipatala msanga. Amayi ako apsa."

"Amayi anga? Mukutanthauza..."

"Amayi ako okubereka, Maren. A Oddny. Unkaganiza kuti m'nyumba muja muli ndani?"

6

Tsopano ndikuuzeni chimene ndinakubisirani.

Kudzanja langa lamanzere, kuyambira pachigongono kufika paphewa, kuli chipsera. N'chifukwa chake sindivala malaya odula manja ngakhale m'chilimwe. Ndili wamng'ono, kwathu kumpoto, amayi ankamwa. Chaka china Khrisimasi itayandikira anati tikazinge madonasi awiriwiri, ine ndizitembenuza. Anandiimika pampando pafupi ndi chitofu. Anati akubwera, akukatenga shuga. Anakagona pasofa ndi botolo. Mafuta atayamba kufuka ndinayesa kuchotsa poto ndekha.

Ndinakulira kwa azakhali. Amayi ankabwera, kulonjeza, kusowa, kubweranso. Nditakula ndinatseka chitseko. Paukwati wanga sindinawaitane. Tuva atabadwa ndinamugwira Vegard dzanja m'chipatala momwemo n'kumuuza kuti: mayi ameneyu asadzayandikire mwana wanga. Analumbira.

Mayi amene ndinkamukumbuka anali wonenepa, wa tsitsi lakuda lodula. Sindikanamuzindikira ndi msana.

Vegard ndinamupeza pakhonde la chipatala atafunda bulangete, buluku lili lonyowa mpaka m'chiuno. Anali atalowa m'nyanja, mu Disembala, kufufuza pansi pa miyala. Ataona Tuva anamulanda m'manja mwanga n'kukhala pansi pomwepo, akulira ngati mwana. Wapolisi wina wachizimayi anandikokera pambali. Sanakalipe. Anangondifunsa ngati ndikudziwa kuti tauni yonse yasiya ntchito chifukwa cha ine, n'kunena kuti tidzakambirana bwino mawa lake.

Zinachitika ndi izi. Vegard anatuluka kukaona mwana n'kupeza kawailesi pawindo. Anakuwa. Amayi anathamangira panja ndi masokosi okha, ndipo onse awiri anabalalika, wina uku wina uku, kugogoda m'makomo. Poto anatsala pamoto. Amayi atakumbukira anali atafika kale pafupi ndi tchalitchi. Pobwerera anapeza mafuta agwira moto, makatani akuyaka. M'nyumba yogundizana nayo mumakhala nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Amayi analowa, natenga chivundikiro ndi manja osavala kanthu, n'kuvundikira potoyo.

"Unandilumbirira," ndinamuuza Vegard. Mawu ankatuluka okha. "Unandiyang'ana m'maso n'kulumbira."

"Ndinalumbira, eya."

"Ndiye?"

"Ndiye anabwera kudzakhala kuno m'chilimwe. Anandipeza kupaki. Sanapemphe n'kumunyamula komwe, anangoti ndimuoneko nkhope. Mowa anasiya kale, Maren, amapita kugulu la osiya mowa sabata iliyonse. Madonasiwo ndi a gulu lawolo, okagulitsa kumsika. Manja awo amanjenjemera, sangatembenuze okha. Tuva sanalowepo m'khitchini poto ali pamoto, ngakhale kamodzi. Amayi akowo ndi amene anaika lamulo limenelo."

"Bwanji osandiuza?"

"Ndinkafuna ndikuuze Khrisimasi ikapita. Ndinkaopa."

"Unkaopa ine?"

Anakweza maso. Anali ofiira.

"Lero wandionetsa kuti ndinkaopa zoona. Ndimaganiza kuti mwana wanga wafa, Maren. Ndimafufuza mtembo."

Tinakhala pabenchi limodzi, mwana ali pakati, aliyense ndi mlandu wake.

7

Namwino atandilola kulowa ndinatenga Tuva. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndinkafuna chogwira.

Anali atakhala pabedi, manja onse awiri ali m'mabandeji mpaka m'zigongono, atawaimika m'mwamba ngati munthu wogonja. Tsitsi lofiira lija linali litapserera mbali imodzi. Anakalamba. Maso okha ndi amene anali omwe aja.

Sanayang'ane ine. Anayang'ana mwana, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatseka maso n'kupuma.

"Ali bwino," anatero. "Chabwino. Ali bwino."

"Amayi."

"Ndamusiyanso poto, Maren." "Ndinalumbira kuti sindidzasiyanso poto pamoto moyo wanga wonse. Koma sindinamwe. Afunse adokotala, anditenga magazi. Ndawauza ndekha kuti anditenge, akuonetse."

"Ndamutenga ndine mwanayu."

"Andiuza."

"Ndimaganiza kuti ndinu chibwenzi cha Vegard."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako, mukhulupirire musakhulupirire, anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika, alibe dzanja loipukutira.

"Ine? Ndi mano ogula awa? Mwana iwe, wandilemekeza."

Ine sindinaseke. Koma ndinatenga kansalu n'kuwapukuta kumaso, chifukwa panalibe wina woti achite zimenezo. Tuva anatambasula dzanja n'kugwira bandeji. Amayi anauma thupi lonse, osasuntha, akundiyang'ana ngati akudikira kuti ndimuchotse.

Sindinamuchotse. Sindinamuperekenso.

8

Kanyumba kachikasu kaja kanafunika kukonzedwa, ndiye amayi atatuluka m'chipatala anakakhala kwa a Torunn. Kwathu ndinakana, ndipo palibe anandikakamiza. Madzulo a Khrisimasi tinadya tonse kwa apongozi. Nyama ya amayi ndinawadulira ndine. Zala ziwiri za kudzanja lamanja sizidzapindikanso bwino, adokotala anatero. Kuluka kunathera pomwepo. Iwo sananditchulirepo zimenezi, ndipo kusatchulako kumandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Ine ndi Vegard tikadali limodzi. Panapita nthawi asanayambe kugona tulo osadzidzimuka kukaona kabedi ka mwana, ndipo ine panapita nthawi ndisanasiye kumufunsa funso limodzi kawiri. Kusitolo makasitomala ena amandiyang'ana kenako n'kunong'onezana. Gunhild amanditcha wakuba ana, koma amandibweretsera khofi.

Inu amene mukuwerenga, makamaka amayi anzanga amene mtima sukhala pansi, sindikuuzani kuti musamakayikire. Ine ndinakayikira ndipo sindinalakwitse: mwamuna wanga ankandinamiza, apongozi ankamuthandiza, ndipo mwana wanga ankapita kumene ndinaletsa. Mpaka lero ndikakumbukira ndimapsa mtima. Chimene ndinalakwa n'chakuti nditafika pakhomo pa choonadi sindinafune kuchimva, ndinafuna kulanga. Ndipo chida chimene ndinatola chinali mwana wanga yemwe, amene ndinkati ndikumuteteza. Ndinkafuna munthu mmodzi avutike mtima kwa kanthawi kochepa. Amene analipira ndi wina, ndipo analipira ndi manja ake.

Ngati ndawakhululukira amayi, sindikudziwa. Chipsera changa sichinachoke chifukwa choti iwo ali ndi chawo.

Chaka chatsopano chitalowa anandiimbira foni. Anazungulira nkhani, za nyengo, za mabandeji, za mphaka wa a Torunn. Kenako anafunsa ndi mawu aang'ono ngati angabwere kudzaona Tuva tsiku lina mkati mwa sabata, Vegard akakhala pakhomo.

"Ayi," ndinatero.



"Chabwino, mwana wanga. Ndamva."

"Mubwere Loweruka," ndinatero. "Loweruka ndimakhalapo ine."